A Mbewe, Bwalo la Malire ndi Manda a kwa Chisusu

Chaka chakwana chimwalirire a Lekisoni Mbewe. Ndinkafuna kulemba za iwo ndi mtima wofatsa, monga zimayenera kwa munthu amene anagona, koma mwezi watha mlamu wanga anandibweretsera kabuku kochokera ku Lilongwe, ndipo kufatsa konse kunandithera.

Kabukuko ndi ka bungwe lina la akatswiri amene ntchito yawo ndi kufufuza ndi kulangiza boma za ubale wa dziko lathu ndi maiko ena. Alembamo mbiri yawo, pa pepala losalala, ndi zithunzi za anthu ovala masuti. Dzina lawo sinditchula, akudzidziwa okha. Pa tsamba lina afotokoza za manda a kwa Chisusu, kuno ku Mchinji, amene mzere wa malire a Malawi ndi Zambia umadutsa pakati pake. Akuti vuto la mandawo analitulukira ndi iwo, mothandizidwa ndi mkulu wina wa m'mudzi. Mkulu winayo ndi a Mbewe. Za kusatchula dzinalo ndingathe kukhululuka, poti eni akewo akanangoseka. Koma m'munsi mwake alemba kuti anthu a m'deralo anavomera kuti mitengo ya kumandako idzadulidwe m'tsogolo. Limenelo ndi bodza, ndipo layamba kale kugwira ntchito: sabata ziwiri zapitazo tapeza mitengoyo itapakidwanso penti yofiira.

Ine ndine Esinati Phiri. Ndinali mlembi wa Bwalo la Malire, kagulu kamene a Mbewe anayambitsa, kuyambira tsiku loyamba. Kalata iliyonse imene Bwalolo linatumiza ndinaitayipa ndine, ndipo makope ake a kaboni ali m'masutikesi atatu a malata kuchipinda kwanga, pamodzi ndi mayankho, ndi maenvelopu amene mayankhowo anabweramo. Choncho zimene ndikulemba pano sindikungozikumbukira. Ndazitsegula n'kuziwerenganso.

A Mbewe anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wosasamala mapepala ngakhale pang'ono. Maganizo awo ankawalemba paliponse: kumbuyo kwa envelopu ya chopereka cha kutchalitchi, pa pepala lokulungira sopo, tsiku lina pa chikhatho penipeni. Akafika kwathu pa njinga, buluku atalimanga ndi mphira m'akakolo, ankakhuthula matumba awo pa tebulo langa, mapepala ndi makoko a mtedza pamodzi.

"Alembi, boma lanu ilo. Lisanjeni."

"Tsiku lina mudzataya dziko lonse m'thumba la jeketeyo, a Mbewe."

"Mudzalitola ndinu. Nanga tinakusankhirani chiyani?"

Pakhonde pawo panali mawailesi awiri, ina yotchera ku Malawi, ina ku Zambia, ndipo nthawi ya nkhani ikakwana ankatsegula onse pamodzi. Akazi awo ankadandaula kuti nyumba yawo ndi yokhayo m'boma lonse imene maiko awiri amakanganiramo tsiku ndi tsiku, mwininyumba ali pakati akuyankha onse.

Ali mnyamata anagwira ntchito ku ofesi ya dziko lathu ku Lusaka, monga kalaliki ndi womasulira. Sanali bwana. Ankanyamula mafayilo kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina, koma ankawerenga zimene ankanyamulazo. Kumeneko ndiko anaona kuti akuluakulu asanakumane ndi anzawo a dziko lina, amalandira kapepala ka masamba awiri kapena atatu kolembedwa ndi anthu ophunzira amene ntchito yawo ndi kuganiza basi, ndipo zimene mkuluyo amakanena pa msonkhano kawirikawiri zimachokera pa kapepalako. Ankakonda kutiuza kuti wolemba kapepalako ndiye amayendetsa msonkhano, ngakhale iye mwini atatsala panja. Chimene chinkawawawa n'chakuti olembawo malire ankawadziwira pa mapu. Panalibe mmodzi yemwe amene anawolokapo ndi mtembo wa mlongo wake pa ngolo, kapena amene munda wake uli mizere ina kuno, ina uko.

Atapuma ntchito n'kubwerera kumudzi, anati nafenso tiyambe kulemba timapepala totero. Tinayamba anthu asanu ndi mmodzi: iwo, ine, mphunzitsi wina wopuma, katekisiti, mayi wogulitsa zitenje amene ankadutsa pa chipata cha malire sabata iliyonse, ndi a Tembo, mlimi wa tsidya lija la ku Mwami, ku Zambia. Tinkakumana kamodzi pamwezi, mwezi uno kuno, mwezi wamawa kwa a Tembo. A Mbewe anakana kutchedwa tcheyamani. Anakananso chipani chilichonse. Wandale wina atatitumizira nsalu za chipani chake, anazibweza tsiku lomwelo pa kabaza mpaka pa Kamwendo, ndi kalata yothokoza imene kope lake ndili nalo.

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo linkatitopetsa. Nkhani iliyonse inkalembedwa kawiri. Pepala loyamba linkanena mmene Mmalawi akuionera, lachiwiri mmene Mzambia akuionera. Koma la Malawi ankalemba a Tembo, la Zambia n'kulemba a Mbewe. Aliyense ankayenera kuikira kumbuyo dziko la mnzake mpaka mnzakeyo atavomera kuti iye mwini sakanalinenera bwino kuposa pamenepo. Zikatero m'pamene tinkalemba pepala lachitatu lopita kwa akuluakulu.

Ndikukumbukira chaka china chimanga chitaletsedwa kuwoloka. A Tembo anawerenga pepala lawo la Malawi, a Mbewe n'kupukusa mutu.

"Manje imwe a Malawi," anatero a Tembo, "ine nalemba kuti muli na njala. Mufuna chani futi?"

"Mwalemba ngati tikupempha. Ife sitikupempha, a Tembo. Chimangacho walima ndi mlamu wanga, pa munda wa agogo athu, umene unangopezeka kuti uli kwanu. Lembaninso."

"Na imwe mwalemba kuti ise tiyopa kuti ufa uzadula. Tiyopa? Ise?"

"Ndiye ndilembe kuti chiyani?"

"Lembani kuti na ise tili na bana."

A Mbewe anafufuta ndime yonse n'kuyambiranso.

Sindinama kuti tinasintha dziko. Makalata athu ambiri sanayankhidwe, ndipo fayilo ya osayankhidwawo ndiyo yonenepa kuposa onse. Kalata ikapanda kuyankhidwa, a Mbewe ankandiuza kuti ndiitayipenso osasintha liwu ndi limodzi lomwe, kupatula tsiku, ndipo tinkaitumiza mpaka kalaliki wa kumeneko atatopa nafe. Zina zinatheka. Anamfedwa anayamba kuwoloka ndi kalata ya amfumu popanda kubwezedwa panjira. Ana ena amene sukulu yawo yapafupi inali tsidya lina anasiya kuthamangitsidwa. Zinthu zazing'ono, koma wozitenga ngati zazing'ono ndi amene sanabwezedwepo maliro a mayi ake akuchitika pamtunda woti kulira akukumva.

Pa maliro awo chaka chatha, anthu amene anawoloka malire anali ochuluka ngati a kuno. Mbusa atafunsa kuti wolankhula m'malo mwa achibale ndani, anaimirira anthu awiri nthawi imodzi, wina wa ku Malawi wina wa ku Zambia, ndipo panatenga kanthawi kuti agwirizane woyamba. Ine sindinalankhule. Ndinkalemba.

Tsopano ndinene za manda aja.

Akatswiri a ku Lilongwe aja anabwera nthawi imene maboma awiri anagwirizana zoikanso zipilala za malire. Anali achinyamata aulemu, ndipo a Mbewe anawakonda kwambiri. Anati awa ndiwo olemba timapepala tija, tiwathandize. Ankafuna kuwapatsa masutikesi anga onse. Ndinakana. Ndinawapatsa makope okha, ndipo ndinawasainitsa pa chilichonse chimene anatenga. Anakhala masiku atatu n'kubwerera.

Patapita miyezi tinamva malangizo amene anapereka. Anati pakati pa chipilala ndi chipilala palambulidwe, kuti munthu ataima pa chimodzi aziona chinzake. Anagwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga. Pa zithunzizo dera lonse ndi minda yokhayokha, kupatula kamalo kakuda kwa Chisusu, ndipo iwo anakalemba kuti ndi kankhalango kotsalira kopanda mwini, koyenera kudulidwa pakati.

Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti ukaona mitengo yachilengedwe itaunjikana pakati pa minda, pamene ina yonse inathera m'zigafa ndi m'mabalani a fodya, amenewo ndi manda. Nkhwangwa siilowamo. N'chifukwa chake mitengoyo ilipobe. Ndinakwiya ndi akatswiriwo, koma a Mbewe anandiuza kuti nditsegule masutikesi ndipeze pepala limodzi la Bwalo lathu lotchula mandawo. Ndinafufuza tsiku lonse. Panalibe. Zaka zonsezo tinalemba za chimanga, za ng'ombe zobedwa, za zitupa, za sukulu, koma za manda sitinalembepo, chifukwa palibe amene anaganiza kuti padziko pali munthu wofunika kuuzidwa. Mayi awo a a Mbewe anagona mommo. Bambo awo a a Tembo anagonanso mommo.

Apa m'pamene tinakangana koopsa kuposa nthawi zonse. Ine ndinati tilembe mndandanda wa onse ogona m'mandamo, dzina ndi dzina, ndi mtengo umene aliyense ali pansi pake, titumize kwa akuluakulu.

"Ayi, Alembi."

"Ayi chifukwa chiyani? Popanda mayina adzati ndi thengo!"

"Mukawapatsa chiwerengero, adzawerengera malole. Ndinaziona m'mafayilo. Akadziwa kuti ali angati, adzati tiwafukule mwaulemu, tikawaike kwina, mzere udutse."

"Ndiye inu mukufuna tipite chimanjamanja?"

"Sitipita chimanjamanja. Koma akufa sindiwalemba."

Ndinawauza kuti ndi nkhalamba youma mutu. Iwo anati ine ndikanatha, ngakhale mvula ndikanaisainitsa isanagwe. Sabata ziwiri sitinalankhulane. Tinkatumizirana timapepala kudzera mwa akatekisiti, ndipo timapepala tawoto ndili nato, tina tili ndi mafuta a mtedza.

M'sabata ziwirizo a Mbewe anayenda pa njinga mudzi ndi mudzi, tsidya lino ndi tsidya lija, a Tembo ali pambuyo. Choyamba anapita kwa eni manda ndi kwa adzukulu, amene amakumba ndi kusamala kumeneko, kukapempha chinthu chimene sichichitika: kuti anthu alowe kumanda popanda maliro. Eni mandawo sanavomere msanga. A Mbewe anapitako katatu. Kenako anauza banja lililonse kuti tsiku lobwera akuluakulu litumize munthu mmodzi, akaime pa manda a mbale wake. Anati pasakhale nyimbo, pasakhale zikwangwani, pasakhale wolankhula.

Tsikulo linali lotentha, mvula isanayambe. Magalimoto anafika cha m'mamawa, a ku Malawi ndi a ku Zambia, ndi oyeza malo, ndi anthu onyamula nkhwangwa ndi makina ochekera. Mitengo yoti idulidwe inali itapakidwa kale penti. Akuluakuluwo atatsika n'kulowa pansi pa mitengo, anaima chilili. M'kankhalango kopanda mwini muja munali anthu. Pa mtumbira uliwonse panali munthu, mayi kapena bambo, atangoima, manja kumbuyo. Munthu sakanatha kudziwa kuti Mmalawi ndi uti, Mzambia ndi uti. Kunkangomveka njiwa.

Mkulu wa gulu la kwathu anafunsa mayi wina wokalamba kuti, "Amayi, mtsogoleri wanu ndani pano?"

"Ine ndabwera kwa amuna anga, bwana. Ndi awa."

Anafunsa wina, yankho linali lofanana. Anayenda choncho mpaka kungodya ya kumadzulo. A Mbewe sanaime pa manda a mayi awo, kumeneko anasiyako mlongo wawo. Iwo anapita kumene adzukulu amaika alendo, matenanti a ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe amene anafera m'maesiteti a fodya abale awo osabwera. Kumeneko kunalibe woimira aliyense. Anaima okha pakati pa mitumbira yophwa.

"Inu bambo, abale anu ndi ati?"

"Awa mayina awo sindiwadziwa, bwana. Anabwera kudzalima fodya, sanabwerere. Ndaima pano kuti musaganize kuti pano palibe munthu."

Mkulu wa ku Zambia anavula chipewa. Wa kwathu anayang'ana mapu ake, n'kuyang'ananso pansi, kenako anati iye watumidwa, ndipo sangabwerere ku Lilongwe popanda chokanena.

Izi ndi zimene a Mbewe ankayembekeza. Ankatiuza kawirikawiri kuti munthu wa boma nthawi zambiri sakana chifukwa cha nkhanza, amakana chifukwa alibe pepala lokaonetsa bwana wake. Anapisa m'thumba n'kutulutsa mapepala atatu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anali osakwinyika. La Malawi, lolemba a Tembo. La Zambia, lolemba iwo. Lachitatu linkati zipilala ziikidwe ziwiri, china polowera m'mitengo china potulukira, mzere udziwike pa mapu, koma m'kati musadulidwe mtengo ndi umodzi womwe, ndipo anthu a maiko onse awiri aziika maliro awo monga kale. Palibe dziko limene linkataya ngakhale phazi limodzi la nthaka.

Akuluakuluwo anapita pambali. Atabwerera anati zikumveka, adzazilemba akakafika ku ofesi. Apa ndinalankhula ine, ngakhale a Mbewe anali atati pasakhale wolankhula. Ndinati taipilaita ili pompano. Ndinali nditabwera nayo pamutu, yokulunga m'chitenje, popanda kuwauza a Mbewe. Ndinaiika kumbuyo kwa galimoto yawo n'kutayipa mgwirizanowo ndi makaboni awiri, iwo akuonerera. Anasaina onse awiri. Monga mboni anasaina mmodzi wa akatswiri a bungwe la ku Lilongwe lomwe lija, amene anabwera nawo tsikulo, ndipo posaina anapepesa ndi misozi m'maso. Ndiye bungwe lomwelo lero lizilemba kuti tinavomera kudula? Mawu oti m'tsogolo mulibe m'pepalamo. Ndaliwerenga kambirimbiri, ndipo ndinalitayipa ndi zala zanga.

Pobwerera a Mbewe anandiyandikira akukankha njinga.

"Alembi, chikhala mwaiwala chija chapamutu, tikanagwa."

"Ndiye mwavomera kuti ndinali wolondola?"

"Pa taipilaita. Pa mndandanda ayi."

Mwezi wotsatira a Mbewe sanalole kuti tisangalale. Anatilembetsa pepala lofotokoza kulakwa kwathu, ndipo analitumiza kwa akatswiri aja, kuti adziwe kuti sitikuwaloza chala iwo okha. Kuyambira pamenepo, tikamaliza nkhani iliyonse ankafunsa kuti n'chiyani chimene tonse tikuchidziwa kwambiri mwakuti sitinachilembe.

Matenda atawagoneka ndinkapita kukawaona Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Mawu aakulu aja anali atachepa. Ulendo womaliza anandifunsa ngati pepala lija lilipo. Ndinati funso lotero ndi chipongwe. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati ndilisunge, koma ndisadzalidalire lokha, chifukwa amene anasaina adzapuma ntchito, ndipo obwera pambuyo adzaona mitengo basi. Anati tsiku limenelo anthu adzafunika kuimanso. Ndinawafunsa za mndandanda komaliza. Anatembenukira kukhoma.

Zachitika monga ananenera. Osaina aja anapuma, mmodzi anamwalira. Ndafunsa ku maofesi a mbali zonse ziwiri, ndipo akuti makope awo sakupezeka. Oyeza malo atsopano awerenga kabuku kosalala kaja, aona kuti anthu anavomera, ndipo atumiza penti. Kope lotsala ndi langa. Ndalembera bungwelo kuti likonze tsamba lija, ndaikamo chithunzi cha pepalalo ndi siginecha ya munthu wawo. Sanayankhe. Ndatayipanso kalatayo osasintha liwu, kupatula tsiku.

Akuluakulu akubwera Lachinayi likudzali. A Tembo maso anachita mdima, koma akuyenda mudzi ndi mudzi tsidya lija atakwezedwa pa njinga yamoto, ndipo kuno tikuyenda ine ndi akatekisiti. Adzukulu avomera. Mabanja avomera. Pepala la Malawi alemba a Tembo monga kale. La Zambia ndalemba ine, koyamba, ndipo andibwezera kawiri kuti ndalemba mouma ngati chisamani cha kukhoti.

Dzulo m'mawa adzukulu anandiperekeza kumandako kuti tikaone poima anthu. A Mbewe anagona pafupi ndi mayi awo, ndipo pamenepo padzaima ana awo. Bambo awo a a Tembo ali ndi wowaimira. Anga ogona mommo nawonso ndawapezera wowaimira. Tinayenda mtumbira ndi mtumbira, mkulu wa adzukulu akutchula banja, ine ndikuvomera kuti lauzidwa, mpaka tinafika kungodya ya kumadzulo. Pamenepo anasiya kutchula.

Kumeneko kulibe kanjira. Mitumbira inaphwa mpaka kufanana ndi nthaka, ndipo munthu amaizindikira ndi phazi, osati ndi maso. Masamba a zaka zambiri anaunjikana osasesedwa. Palibe mtanda, palibe mbale yosweka, palibe mwala. Pali mitengo itatu ya msuku ndi muwanga umodzi waukulu, yonse ili ndi penti yatsopano imene inayenderera pa khungwa isanaume. Malowo ndi otakata kuposa mmene ndinkawakumbukira, ndipo sindikudziwa kuti munthu mmodzi wamfupi anawadzaza bwanji tsiku lija.

Mkulu wa adzukulu anafunsa kuti, "Nanga kuno, mayi, tiikeko ndani?"

Ndinamuuza kuti asavutike kufunafuna. Lachinayi ndidzalawirira, pepala lili m'manja, ndipo adzandipeza pansi pa muwangawo.